Chenjezo kwa Ogwira Ntchito m'Maofesi: Lekani Kuyeretsa Mwachisawawa

Tamverani kuno inu nonse a m'maofesi, mabwana ndi antchito omwe. Khalidwe loti ukhondo wa pantchito uzikumbukiridwa pokhapokha kukamabwera alendo latikwana. Mumafika mutatchena, nsapato zili waliwali, koma kunsi kwa desiki kuli fumbi la miyezi, m'firiji muli zakudya zopanda mwini zimene zinachita nkhungu kalekale, ndipo mopu imene yakolopa kuchimbudzi ndi yomweyo ikukalowa m'khitchini. Anthu akayamba kupatsirana chimfine ndi matenda otsegula m'mimba, mumanamizira nyengo. Manja anuwo ndi zitseko zimene mumagwira nonse simuziganizira n'komwe.

Gwero la uve wonsewu ndi limodzi: palibe ndondomeko yolembedwa. Aliyense amangoti wina achita. Tengani pepala, lembani chipinda chilichonse, ntchito yoyenera kuchitika m'menemo, nthawi yake, dzina la woichita, ndi malo oti asaine akamaliza. Pachikani pepalalo poonekera. Pakhalenso munthu mmodzi woyendera kamodzi pa sabata, ayang'ane ndi maso ake osati kungowerenga masiginecha. Ndipo mukalemba dzina la munthu, lembaninso womulowa m'malo akadwala kapena akapita kutchuthi, chifukwa ndondomeko zambiri zimafera pamenepo.

Za tsiku ndi tsiku yambani ndi pamene manja ambiri amagwira: zogwirira zitseko, maswitchi a magetsi, mipopi, chogujumulira chimbudzi, mafoni ogwiritsa ntchito anthu ambiri, mabatani a pulinta, chogwirira ketulo ndi firiji. Mabini akhuthulidwe tsiku lomwelo, makamaka okhala ndi zotsalira za chakudya, poti akagona amaitana mphemvu, ntchentche ndi makoswe, ndipo makoswe akalowa amatafuna mawaya a makompyuta ndi mafayilo omwe. Chimbudzi chisatsukidwe m'mawa mokha ayi. Ngati anthu ndi ambiri, chionedwenso masana, sopo ndi mapepala zisathe. Kamodzi pa sabata pukutani mashelefu, mawindo m'munsi, miyendo ya mipando, ndipo firiji ikhuthulidwe, chosalembedwa dzina ndi tsiku chitayidwe. Firijiyo izizizira pa madigiri 5 kapena kutsika. Kamodzi pa mwezi sunthani makabati, tsukani masefa a makina oziziritsa mpweya, chotsani fumbi pa mafani ndi pamwamba pa zitseko.

Tsopano pa nkhani ya mankhwala mpamene tikufuna mutchere khutu, chifukwa apa anthu amavulala zenizeni. Jiki sathiridwa mongoyerekeza ndi diso. Werengani pabotolo mphamvu ya klorini wake. Pa matebulo, zitseko ndi pansi, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza klorini wa 0.1%. Ngati jiki wanu ndi wa 5%, sakanizani muyezo umodzi wa jiki ndi miyezo 49 ya madzi, kutanthauza mamililita 20 a jiki m'madzi okwana kudzaza lita imodzi. Ngati ndi wa 3.5%, muyezo umodzi pa miyezo 34 ya madzi. Pakatayika magazi kapena masanzi ambiri pamafunika 0.5%, ndiye muyezo umodzi wa jiki wa 5% pa miyezo 9 ya madzi. Madzi ake akhale ozizira, ndipo musungunule watsopano tsiku lililonse, chifukwa wosungunula kale amatha mphamvu, makamaka akakhala padzuwa kapena m'ndowa yosavindikira.

Musayerekeze kusakaniza jiki ndi mankhwala ena. Akakumana ndi mankhwala otsukira chimbudzi okhala ndi asidi, kapena viniga, amatulutsa mpweya wa klorini umene umawotcha maso, kukhosi ndi mapapo. Akakumana ndi amoniya, amene amapezeka m'mankhwala ena opukutira magalasi, amatulutsanso mpweya wina woopsa. M'kachimbudzi kotseka kopanda windo munthu akhoza kugwa pomwepo. Ena amati posakaniza ndiye kuti ziyera msanga. Safunsa anadya phula! Zikachitika mwangozi, tulukani msanga, tsekulani mawindo ndi zitseko, ndipo amene akubanika athamangire naye kuchipatala. Chinanso chotiwawa mtima ndi kuthira mankhwala m'mabotolo a zakumwa n'kuwasiya pansi pa sinki. Mankhwala akhale m'botolo lake lenileni, lolembedwa, m'kabati yokiya, kutali ndi shuga ndi makapu.

Ambiri sadziwanso kuti kutsuka ndi kupha tizilombo ndi ntchito ziwiri. Klorini akagwera pa litsiro ndi mafuta amafooka asanagwire ntchito. Choncho yambani ndi sopo ndi madzi, kenako pakani jiki wosungunulayo, ndipo malowo akhale onyowa kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo, malinga ndi zolembedwa pabotolo. Kupopera n'kupukuta nthawi yomweyo ndi kungotaya mankhwala. Pa zitsulo, tsukuluzani ndi madzi pambuyo pake, poti klorini amachititsa dzimbiri.

Poyeretsa yambirani kumwamba kutsikira pansi, kuchokera koyera kupita kwa uve. Mukayamba kukolopa kenako n'kumakuntha mashelefu, mwagwira ntchito yachabe. Fumbi pukutani ndi kansalu konyowa pang'ono. Kulikuntha ndi nsanza youma kumangoliulutsa, anzanu a mphumu n'kulipuma, kenako n'kuteranso pomwe linali. Nsalu, ndowa ndi mamopu zisiyanitsidwe ndi mitundu: zofiira za kuchimbudzi, zobiriwira za kukhitchini, zabuluu za m'maofesi. Pokolopa pakhale ndowa ziwiri, ina ya madzi a sopo, ina yotsukuluzira mopu, ndipo madzi akada asinthidwe. Mukamaliza, chapani mopuyo, finyani, ipachikeni iume. Mopu yogonera m'madzi akuda imanunkha, ndipo mawa lake imapaka uvewo pansi ponse.

Pansi ponyowa pagwetsa anthu ambiri. Ikani chikwangwani chochenjeza, kolopani theka la khonde m'litali kuti theka linalo anthu adutsepo pouma, ndipo ngati n'kotheka kolopani anthu asanafike kapena ataweruka. Wofuna kufika pamwamba akwere makwerero. Mpando wa mateyala si wokwerapo.

Makompyuta nawo mukuwawononga. Zimitsani, zulani pulagi, nyowetsani kansalu ndi mankhwala a alikoholo wa 70%, kenako pukutani kiyibodi ndi mausi. Osapopera mankhwala pa makinawo, amalowa m'kati n'kupsereza zinthu. Sikirini ipukutidwe ndi kansalu kofewa, motsatira malangizo a amene anaipanga. Ufa wa toner, umene ndi inki ya ufa ya mu pulinta, ukatayika, musaukoke ndi makina wamba opopera fumbi ndipo musauthire madzi otentha, chifukwa kutentha kumausungunula n'kumatirira. Gwiritsani ntchito kansalu konyowa ndi madzi ozizira.

Inu mabwana, wokonza mu ofesi ndi munthu ngati inu nomwe. Mumamutuma kutsuka chimbudzi ndi manja opanda magolovesi, mumamupatsa mopu imodzi yothothoka chaka chonse, kenako n'kumamukalipira kuti sakugwira ntchito. Mugulireni magolovesi olimba, epuloni, nsapato zosaterera ndi kapu yoyezera mankhwala, ndipo muphunzitseni kasungunulidwe kake. Katundu woyeretsera awerengedwe sabata iliyonse, ndi kuitanitsa wina asanathe.

Nanunso achinyamata okhala pamadesiki, kapu yomwe mwamwera tsukani nokha, zinyenyeswazi zanu sesani, ndipo chotayika pansi chipukutidwe ndi amene wachitaya, nthawi yomweyo. Poweruka chotsani mapepala padesiki, chifukwa wokonza sangapukute pamene pali mulu wa mafayilo amene akuopa kuwasokoneza. Izinso zilowe pa pepala lija, dzina la mwini desiki aliyense lilembedwe pambali pa ntchito yake.