Mtsikana wa m'sewero lija si mngelo, koma tiwerenge machimo mwachilungamo

Anzanga amene mukutsatira sewero lija la banja lolimbirana kampani, ndakhala chete nthawi yaitali ndikumvetsera mkangano wanu, ndiye lero mundilole ndilankhuleko. Ena mukuti mtsikana uja ndi mfiti, alibe chisoni, olemba amuphe basi. Ena mukumuombera m'manja pa chilichonse, ngakhale atachita zonyansa. Ine kulikonse sindikukwanako, chifukwa magulu onse awiriwa akuwerenga machimo mwachinyengo.

Ndiyambe ndi inu omuda. Mukamafotokoza nkhaniyi mumayambira tsiku limene iye analowa ntchito yowerengera ndalama pakampani ija ndi dzina labodza. Mumati ananama, anaba makalata, anajambula mawu a anthu mobisa, anasokoneza ukwati wa eni ake. Zonsezo n'zoona, sindikutsutsa. Koma sewero silinayambire pamenepo ayi. Linayamba ndi mwana wa zaka 12 ataima pakhomo, akuona mayi ake akukankhidwira m'galimoto kupita nawo kuchipatala cha amisala, chonsecho mutu wawo unali bwinobwino. Mlandu wawo unali wokana kusaina. Bambo ake anali atangoikidwa m'manda, ndipo mng'ono wa malemuwo, munthu amene mwanayu ankamuitana kuti bambo, anali atatulutsa kale wilo yabodza. Dokotala anadyapo, loya anadyapo, mwana n'kutumizidwa kutali kuti asasokoneze. Gawo limeneli munalionera nonse, ena mpaka munalira. Nanga laiwalika bwanji?

Laiwalika chifukwa bambo aang'onowo akalamba bwino. Amavala bwino, amalankhula mofatsa, amathandiza ana amasiye, mwana wawo amamukonda zenizeni. Choipa chawo tinachiona kamodzi kokha, kalekale, pomwe zoipa za mtsikanayu tikuziona gawo lililonse, kamera ili pankhope pake penipeni. Olemba achita dala zimenezi. Akufuna tione mmene kulili kosavuta kukhululukira wakuba amene anaba kalekale n'kukhazikika, kusiyana ndi woberedwa amene akuchita phokoso lero. Ndipo ife oonera tagweramo.

Munthu amene amandikwiyitsa kwambiri m'sewero lonseli si bambo aang'onowo ayi, ndi agogo aja. Ankadziwa zonse. Siginecha ya mwana wawo woyamba ankaidziwa, ndipo ataona pepala lija anazindikira kuti si iyo. Anasankha kukhala chete kuti banja lisachite manyazi. Lero mdzukulu wabwerera, ndi iwo amene ali patsogolo kumuuza kuti chibale n'fupa sichiola, akhululuke, zakale zapita. Ndikumva oonera ambiri akubwereza mawu omwewo ngati ndi anzeru. Koma akulu omwewo amene anatisiyira mwambi umenewo anatisiyiranso wina wakuti mlandu suola. Agogowa akufuna woyambawo ugwire ntchito pa mdzukulu yekha, wachiwiriwo usakhudze mwana wawo.

Amene mumawerenga Baibulo mukudziwa kuti nkhani yotere si yachilendo. Pa 2 Samueli 13, Amnoni anagwirira mlongo wake Tamara. Mfumu Davide, bambo wa onse awiri, atamva anakwiya kwambiri, koma sitimva kuti anachitapo kanthu. Abisalomu, mlongo wake wa Tamara, anasunga nkhaniyo mumtima zaka ziwiri zathunthu, kenako anakonza phwando pa nthawi yometa nkhosa n'kuphetsa mbale wake Amnoni pomwepo. Sindikunena kuti Abisalomu anachita bwino. Ndikungonena kuti amene anali ndi mphamvu yoweruza atakhala chete, wina amene analibe mphamvuyo anaweruza m'njira yake. Masewero obwezera m'banja pafupifupi onse amamangidwa pamenepa. Mukafufuza bwino mupeza wamkulu wina amene akanathetsa zonse ndi mawu ochepa chabe, koma anasankha mtendere wabodza.

Palinso china chimene sindichibisa. Akanakhala mnyamata amene wabwerera kudzalanda za bambo ake, ambiri amene mukutukwana lero bwenzi mukuti ndi mwamuna weniweni, wochenjera, wosaopa. Koma poti ndi mkazi, mukufuna azilira pakona, azipemphera, adikire kuti mwamuna wina wachifundo adzamumenyere nkhondo. Akamwetulira pamene mdani wake wagwa mumati ndi wouma mtima. Zimenezi sizinayambe ndi ife. Amene munaonera Breaking Bad, yomwe inkaonetsedwa kuyambira 2008 mpaka 2013, mukukumbuka kuti Walter White ankapanga mankhwala osokoneza bongo, ankapha anthu, mpaka anapatsa mwana poizoni, koma oonera ambiri ankamukonda. Chidani chinkapita kwa mkazi wake Skyler, amene ankamutsutsa. Zinafika poti Anna Gunn, amene ankasewera ngati Skyler, analemba nkhani mu nyuzipepala ya The New York Times mu 2013 kudandaula kuti chidanicho chachoka pa munthu wa m'sewero n'kufika pa iye mwini. Choncho wina akandiuza kuti amamuda mtsikana wathuyu chifukwa chonama, ndimafuna ndidziwe kaye kuti amuna onama a m'sewero lomweli amawada chimodzimodzi kapena ayi.

Tsopano nditembenukire kwa inu omuombera m'manja, chifukwa nanunso muli ndi mlandu, mwinanso wokulirapo.

Pali mwana wamkazi wa bambo aang'ono aja, tinene kuti mng'ono wake. Pamene zonse zija zinkachitika anali wakhanda. Sanasaine kanthu, sanabe kanthu, mpaka lero sakudziwa kuti nyumba imene wakuliramo inabwera bwanji. Ndi munthu yekhayo pakampani ponse amene anamulandira mlendoyu ndi mtima wonse, kumuuza zakukhosi, kumuululira za vuto lake lakumwa mapiritsi limene ankabisira makolo ake. Ndipo mtsikana wathu anatenga chinsinsi chimenecho n'kuchipereka kwa atolankhani, tsiku la chinkhoswe, n'cholinga choti bambo ake a mwanayo asokonezeke mutu pa nthawi ya msonkhano wa eni masheya. Zinathekadi. Msonkhano unasokonekera, iye anapeza mavoti amene ankafuna, ndipo mwana uja anapezeka ali chikomokere m'bafa.

Ndinadabwa kumva anthu akuti palibe vuto, nayenso alawe, wadya za kuba kuyambira ali mwana. Abale anga, wadya za kuba mosadziwa. Ngati mwana ayenera kulipira machimo a bambo ake, ndiye kuti tavomereza mfundo yomweyo imene bambo aang'ono aja anagwiritsa ntchito pa mwana wa zaka 12: kuti mwana si munthu, ndi chinthu chongosuntha kuti njira ipezeke. Apa ndi pamene sewero linandigwira mtima kwambiri, chifukwa olemba anationetsa mtsikana wathu ataima pakhomo la chipatala akuyang'ana galimoto ikutsitsa mng'ono wakeyo, ndipo nkhope yake inasonyeza kuti wakumbukira pamene anaonapo zoterezi. Anadziwa. Sanganene kuti samayembekezera.

Ndipo tisaiwale gawo lina limene ambiri mukulilumpha. Anthu amakonda kufunsa kuti bwanji sanapite kukhoti. Poyamba funsoli linalibe mphamvu, chifukwa olemba masewero otere amayamba atseka khomo limenelo: apolisi agulidwa, loya ndi wa mdani, mboni zamwalira kapena zikuopa. Popanda kutero sewero lingathe m'gawo lachiwiri. Koma m'sewero lino khomolo linatsegukapo. Dokotala uja, atadwala n'kuona kuti masiku ake atha, anapatsa mtsikana wathu kalata yovomera zonse, yosainidwa pamaso pa mboni. Wilo yeniyeni inali kale m'manja mwake. Loya wina wachilungamo anamuuza mosabisa kuti umboni wakwana, mayi ake atuluka, kampani ibwerera. Mtsikanayu anatenga mapepalawo n'kuwatsekera m'kabati. Anati ndende yokha sikwanira, akufuna munthuyo aone chilichonse chimene amakonda chikuphwanyika iye ali moyo.

Taganizani bwino tanthauzo la zimenezo. Mayi ake anakhalabe m'chipatala chija miyezi ina yowonjezera chifukwa mwana wawo sanakhutire. Kuyambira pamenepo sindikhulupiriranso akamanena kuti akuchitira mayi ake. Akuchitira mwana wa zaka 12 uja amene ali mkati mwake, amene palibe chigamulo cha khoti chingamutonthoze. Ndimamumvetsa, ndipo ndikamuona yekha usiku akulephera kugona ndimamumvera chisoni. Koma kumvetsa munthu ndi kumuvomereza ndi zinthu ziwiri, ndipo ndikuona kuti mkangano wathu wonse ukuchokera poti sitikufuna kunyamula ziwirizi nthawi imodzi. Tikufuna atipatse munthu woti timukonde popanda manyazi kapena woti timude popanda chisoni.

Mkazi wotereyu anavutitsa oonera kuyambira kale. M'chaka cha 431 Yesu asanabadwe, mlembi wa masewero wa ku Greece, Euripides, anaonetsa mumzinda wa Athens sewero la Medea, mkazi amene mwamuna wake Jason anamusiya kuti akakwatire mwana wa mfumu. Sewerolo limayamba mokupangitsa kuti umumvere chisoni, chifukwa anasiya kwawo ndi zonse chifukwa cha mwamunayo. Kenako amapha mkwatibwi, mfumu imafera pomwepo, ndipo pomaliza amapha ana ake awiri kuti Jason amve kuwawa. Chodabwitsa n'chakuti salangidwa, amathawa pagaleta. Pampikisano wa chaka chimenecho Euripides anakhala wachitatu mwa atatu, koma seweroli likuseweredwabe mpaka lero, patatha zaka zoposa 2,400. Ine ndimaona kuti lakhalitsa chifukwa chomwecho chakuti silimupatsa woonera pothawira.

N'chifukwa chake ndili ndi mantha ndi mmene sewero lathuli lithere. Pali njira ziwiri zaulesi zimene olemba amathawirako, ndipo zonse ndikuziona zikubwera.

Yoyamba ndi kumupha. Achite zonse, apambane, kenako chipolopolo chimupeze, afe akupepesa, aliyense apume. Chizolowezi chimenechi chili ndi mbiri yake. Ku Hollywood kunali malamulo otchedwa Hays Code, amene analembedwa mu 1930, anayamba kutsatidwa mwamphamvu mu 1934, ndipo anatha mu 1968. Mwa zina ankaletsa kupangitsa oonera kukhala kumbali ya wochimwa, ndipo ankanena mwachindunji kuti kubwezera kusaonetsedwe ngati kolondola m'nkhani za masiku ano. Kwa zaka zoposa 30 olemba anazolowera kuti wolakwa alangidwe filimu isanathe. Malamulowo anapita, koma chizolowezicho chidakalipo, ndipo ife oonera timachiyembekezera ngakhale sitidziwa kumene chinachokera. Imfa yotere imathandiza olemba, osati nkhani. Munthu akafa safunsidwanso mafunso.

Yachiwiri ndiye imandinyansa kwambiri: kumutsuka. Mwadzidzidzi tidzauzidwa kuti si iye anatumiza nkhani ija kwa atolankhani, anali wothandizira wake. Kapena zidzadziwika kuti mng'ono wake uja nayenso anali woipa mobisa, kotero zimene zinamuchitikira zinamuyenera. Kapena bambo aang'ono adzachita chinthu choopsa kwambiri m'magawo omaliza kuti tiiwale zonse zimene mtsikana wathu anachita. Akatero adzakhala atatibera sewero lonse, chifukwa chimene chatisunga mpaka pano n'chakuti munthu amene analakwiridwa zenizeni walakwiranso wina zenizeni, maso ali tseguke.

Chimene ine ndikufuna n'chovuta kulemba, koma n'chotheka. Bambo aang'ono akalowe m'ndende chifukwa cha zimene anachita, umboni ulipo. Agogo anene pamaso pa banja lonse kuti ankadziwa, asafe nacho. Mayi aja atuluke. Ndiyeno mtsikana wathu akhale moyo, kampani ili m'manja mwake, dzina lake lenileni labwerera, koma mayi ake adzamufunse tsiku limene kalata ya dokotala inafika m'manja mwake, ndipo ayankhe zoona. Apitenso kwa mng'ono wake, osati ndi maluwa ndi misozi yoti nyimbo yachisoni iziimba kumbuyo, koma akanene yekha kuti ndine ndinachita, ndinkadziwa kuti iwe ulibe mlandu. Ndipo mwanayo akhale ndi ufulu wokana kumukhululukira. Masewero ambiri amaopa zimenezi, amakakamiza wolakwiridwa kukumbatira womulakwira chifukwa nthawi yatha. Koma ngati mtsikana wathu anakana kukhululuka mokakamizidwa ndi agogo ake, sangayembekezere kuti mng'ono wake akakamizidwe kumukhululukira iye.

Kunena za mnyamata uja amene akumufuna, amene ena mukuti chikondi chake chimusintha, ndisanamepo, magawo ake ndimangowapirira. Munthu amene wasunga mkwiyo kuyambira ali ndi zaka 12 sasintha chifukwa wina wamuyang'ana mwachikondi pamvula. Olemba akamugwiritsa ntchito ngati mankhwala ochiritsira zonsezi, ine gawo lomaliza ndidzangomva kwa inu.