Chenjezo kwa amene akumwaza kashiamu m'munda ngati mchenga

Sabata yathayi ndinaima m'mphepete mwa munda wa tomato wa mnyamata wina amene ndimamudziwa kuyambira ali wamng'ono, ndipo zimene ndinaona zikundiwawabe mumtima. Zipatso zambiri zinali zitada kunsi, kumene kunali duwa, ndipo malo akudawo anali atalowa m'kati n'kuuma ngati chikopa chakale. Iye anamva kuti vutoli limadza chifukwa chosowa kashiamu, mchere wa m'dothi umene mbewu zimafuna, motero anathira laimu, amene amakhala ndi kashiamu, pa tsinde lililonse mpaka dothi linayera mbuu, anapopera masamba ndi kashiamu kawiri pa sabata, kenaka anawonjezera feteleza wa ammonium kuti mbewu zilimbe. Nditamufunsa kuti anathirira liti komaliza, anangokanda m'mutu. Panali patapita masiku 6.

Kodi tidzanena kangati, ana anga, kuti kashiamu amakwera ndi madzi kuchokera ku mizu kudzera m'mitsempha ya mbewu yonyamula madzi yotchedwa xylem, ndipo madziwo amathamangira ku masamba amene amatulutsa nthunzi yambiri, chipatso n'kumangolandira zotsala? Kashiamuyo akakhazikika m'tsamba lakale sachokamonso kupita ku chipatso chimene chikukula, ndiye amene amapopera masamba akudyetsa ndani? Amene amaumitsa dothi sabata yonse kenaka n'kulimiza m'madzi tsiku limodzi akuyembekezera chiyani? Nanga amene amachulukitsa ammonium, potaziyamu ndi magineziyamu, zinthu zimene zimalimbirana njira ndi kashiamu pa mizu, adzadandaula kwa yani? Kupsa kwa m'mphepete mwa masamba aang'ono a letesi ndi kabichi, komanso madontho owawa m'mnofu wa apulo, zonsezi n'zapachibale ndi kuda kwa tomatoyu. Laimu wochuluka naye amatsekera mbewu ayironi, manganizi ndi zinki, masamba n'kuyamba chikasu.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi kuganiza kuti kashiamu ali ngati mpunga m'thumba, kuti akachuluka ndiye kuti zinthu zili bwino. Kunja kwa selo, kachigawo kakang'ono zedi komanga thupi la mbewu, iye ndi mmisiri womanga, chifukwa amagwirizitsa pectin amene amamata selo ndi linzake, komanso amalimbitsa kachikopa kokuta selo kuti kasadonthe. Koma m'kati mwa selo, m'madzi ake otchedwa cytosol, mbewu imamusunga wochepa zedi, pafupifupi ma nanomolar 100 (muyeso waung'ono kwambiri wa kuchuluka kwa chinthu m'madzi), pamene kunja ndi m'kathumba kosungiramo zinthu kotchedwa vacuole amachuluka kuwirikiza pafupifupi ka 10,000. Selo limawononga mphamvu usiku ndi usana kumupopera kunja kuti kusiyana kumeneku kusathe. Kashiamu wa m'kati mwa selo akakwera pang'ono n'kutsika msanga, umenewo ndi uthenga wamba. Akakwera n'kukhalitsa, ndi lamulo la imfa: amadzutsa mapuloteni a RBOH amene amatulutsa okosijeni wowononga, ndipo m'kachitsamba ka Arabidopsis amatsegula metacaspase 4, puloteni yodula inzake, pamene maselo avulala.

Mbewu yokha imagwiritsa ntchito imfa imeneyi mosamala. Tizilombo toyambitsa matenda tikalowa m'tsamba, maselo ochepa ozungulira pamenepo amafa mwadala kuti matenda asafalikire, ndipo mu 2021 akatswiri anaonetsa kuti mapuloteni a ZAR1 akasonkhana asanu amapanga kabowo kolowetsa kashiamu m'selo kuti ntchitoyi iyambe. Ngakhale duwa la poppy limapha mungu wake womwe mwa njira yolowetsa kashiamu, kukana kudzibereketsa lokha. Chinthu chimene mbewu imachiyeza mosamala chonchi, inu mukuchiwaza ndi fosholo?

Amene akukayikabe amve izi. Ofufuza anapanga tomato wokhala ndi puloteni ya CAX1 yogwira ntchito mopitirira, imene imakankhira kashiamu mu vacuole. Zipatso zake zinali ndi kashiamu wambiri kuposa zinzake, komabe zinada kunsi koposa, chifukwa kashiamuyo anatsekeredwa m'kathumba pamene zikopa za maselo zinali kumusowa, ndipo maselo anadontha n'kufa. Kuchuluka kunalipo, koma pamalo olakwika.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti ayeze dothi asanathirenso kanthu, aphimbire pansi ndi udzu, athirire mokhazikika, ndipo achepetse ammonium. Anandiyankha kuti thumba lina la laimu wagula kale ndipo sangalisiye lingokhala. Likhale komweko, mwana iwe, ndipo utenge ndowa ukathirire.