Musakwirire tsinde la jakaranda pofuna maluwa

Jakaranda akayamba kuchita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala, aliyense amene ali naye pakhomo amalakalaka pansi pake patakongolanso. Palibe cholakwika pamenepo. Chimene ndikukana ine ndi njira imene yafala m'matauni mwathu: kumanga njerwa mizere itatu kapena inayi kuzungulira tsinde, kuthiramo dothi mpaka kudzaza, kupaka laimu, kenaka n'kubzala maluwa pamwamba. Abale anga, kumeneko ndi kupha mtengo pang'onopang'ono.

Khungwa la patsinde limafuna kukhala pamphepo. Mukalikwirira ndi dothi lomwe mukuthirira tsiku ndi tsiku limayamba kuwola, chiswe n'kupeza polowera. Mizu nayo imapuma. Timizu ting'onoting'ono tomwe timamwa madzi ndi chakudya timayenda chapamwamba, tambiri m'masentimita 30 oyambirira a nthaka, ndipo mukatiunjikira dothi lofika m'mawondo timasowa mpweya. Kuipa kwake, mtengo suuma chaka chomwecho. Zimayamba kuuma ndi nsonga za nthambi, masamba n'kumachepa, ndipo pomwe mtengo wonse uzidzauma patapita zaka, palibe amakumbukiranso za njerwa zija. Amangoti wagwidwa matenda.

Pomwe thunthu limatambasuka polowa m'nthaka pazioneka nthawi zonse. Kuchokera pamenepo yezani theka la mita, kapena mita yathunthu ngati mtengo ndi waukulu, ndipo musabzalepo kanthu. Khasu lisafike pansi pa mtengowo. Kunja kwa malo mwayezawo kumbani kadzenje kamodzikamodzi ndi kafosholo kam'manja kapena kamtengo kosongola, ndipo mukakumana ndi muzu wonenepa kuposa chala chachikulu musaudule, ingosunthani dzenjelo. N'chifukwa chake ku nazale muzisankha mbande zazing'ono zam'timachubu. Zimalowa bwino pakati pa mizu, komanso zimagwira msanga kuposa zikuluzikulu zodula zija.

Manyowa akhale owolerana bwino, ongowaza pamwamba osapitirira masentimita 5. Zitosi za nkhuku zosawola zimawotcha mbande. Yureya wotsala kumunda wa chimanga musamuthirepo, chifukwa jakaranda akadya nayitrojeni wambiri amangochulutsa masamba, maluwa n'kuchepa.

Pomwe ambiri amapusitsika ndi pa kasankhidwe ka maluwa. Nyengo yomwe akuchita maluwa jakaranda amakhala atayoyola masamba, pansi pake dzuwa lili phwee, munthu n'kuganiza kuti marozi achita bwino. Pofika Disembala masamba abwerera, mthunzi wadzaza, marozi aja n'kumangotalika monyozoloka osatulutsa duwa. Marozi, marigold ndi zinnia zimafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo, choncho malo ake ndi kunja, kumene nthambi zimalekezera. Mkati mwa mthunzi ikani zopirira ludzu komanso zotha kulimbana ndi mizu ya mtengo: spider plant motalikirana masentimita 30, clivia, sansevieria, ndipo cham'mphepete komwe kumafika dzuwa lam'mawa, agapanthus motalikirana theka la mita. Impatiens amakongola pamthunzi, koma amamwa madzi kwambiri. Ngati madzi anu ndi ogula pa kiyosiki kapena otunga kumjigo wakutali, musiyeni.

Za nthawi yowokera, ine ndimati dikirani mvula yeniyeni ya kumapeto kwa Novembala kapena Disembala. Chizimalupsa chisakunyengeni. Chimagwa kamodzi, dzuwa n'kubwerera mwaukali, ndipo kanyontho kochepako mtengo umamwa wokha mbande n'kufota. Podikira mvulayo yezani malo, sonkhanitsani manyowa, dulani nsungwi zotchingira nkhuku, poti zikaona dothi lofewa lokhala ndi manyowa zimafukula zonse tsiku limodzi. Ngati muli ndi madzi okwanira ndipo simungathe kudikira, wokerani madzulo, thirirani tsiku lililonse kwa masabata awiri oyamba, kenaka kawiri kapena katatu pa sabata, keni imodzi ya malita 10 pa sikweya mita, kuti madzi alowe pansi. Kuwaza timadzi tochepa pamwamba kumachititsa mizu ya maluwa kukhala yosazama. Madziwo azipita pa mbande, osati patsinde.

Pomaliza ndi nkhani ya tsache. Tinazolowera kusesa pabwalo m'mawa uliwonse mpaka dothi kuchita mbee, koma pansi pa mtengo kusesa kotere kumasiya nthaka yolimba yosalowa madzi. Timasamba ta jakaranda ndi tating'ono, timawola msanga, maluwa ake ogwa nawonso chimodzimodzi. Sesani panjira pokha, poti akanyowa amaterera, ndipo zosesazo muzithire pakati pa mbande. Zikachepa onjezerani udzu wouma kapena makoko a mtedza, kuphimbira masentimita 5 mpaka 7, koma zisakhudze khungwa la mtengo.