Amayi aja tawaika, nanga ntchito yawo atenga ndani?

Anthuni ndiyankhuleko, ena mukwiya koma basi. Ife Akatolika a kuno ku Mangochi maliro timawadziwa kulira, kwaya kuyimba mpaka kucha, yunifomu zositasita, nkhata mbwee, koma munthu akadali moyo timamusenzetsa katundu yense yekha. Ndikunena za amayi athu aja osamalira anthu ovutika amene tawaika sabata yathayi. Dzina sinditchula poti banja likadali pachisoni, koma amene tinkapemphera nawo mukuwadziwa.

Ntchitoyi anaiyamba nthawi imene Edzi inkamaliza anthu, ma ARV aulere asanabwere mu 2004. Achinyamata a pa Facebook pano simungamvetse. Munthu akadwala abale ake enieni ankamupatulira mbale ndi kapu, ena kumutsekera kuchipinda kuti alendo asamuone, ndiye iwo ndi anzawo a home based care a ku parishi ankapalasa njinga atanyamula magolovesi, sopo ndi ufa wa likuni phala, kukasambitsa odwala, kuchapa zofunda zimene wina aliyense ankaopa kuzigwira. Odwalawo akatisiya pankatsala ana, ndiye ntchito inangosanduka yokha, kuyamba kulimbana ndi achibale obwera kudzazula malata, kutenga bwato ndi maukonde ana amasiye akuyang'ana.

Chimene chinkandigometsa ine ndi ichi. Kuno ambiri mwa anansi athu ndi Asilamu, koma amayiwa sankafunsa kuti umapemphera kuti. Kolona ili m'chikwama, Misa ya m'mawa sankaphonya, koma akafika pakhomo pa shehe ankavula nsapato, kukhala pamphasa, kulonjera m'Chiyao chawo chophunzira ukulu chija mpaka eni nyumba kuseka, kenako nkhani nkuyambika. Sanakokerepo munthu ku tchalitchi chifukwa chomuthandiza. Amene munali pamaliro munaona nokha kuchuluka kwa amayi a hijabu amene anabwera kudzaphika.

Pa nkhani ya maukwati a ana ndi pamene anadedwa kwambiri. Lamulo lilipo, la 2015 lija linati ukwati ndi zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Koma lamulo silipita lokha kumudzi. Mnyamata wabwera kuchokera ku Joni ndi foni yayikulu komanso njinga yamoto, makolo ufa watha, mtsikana ali sitandade 7, mukuganiza kuti zitha bwanji? Iwo ankapita kwa amfumu, kwa amayi a mother group, zikakanika mpaka ku polisi ku victim support. Makolo ankawafunsa mokalipa kuti mwanayu mukamubweza muzimudyetsa ndinu? Ndipo funso limeneli ndi loona, tisanamizane. Nchifukwa chake sankathera pongothetsa ukwati, ankathamanga kusaka yunifomu ndi makope, kulowetsa mayi wa mwanayo mu banki mkhonde, kukakumbutsa a komiti kuti banja lakuti aliganizire pa Mtukula Pakhomo. Atsikana ena ankabwererabe kwa amuna aja, iwo nkuyambiranso.

Tsono pamaliro onse olankhula amangoti anali mayi wa aliyense, mayi wa aliyense. Palibe anathokoza bambo a kunyumba kwawo. Munthu kukhala mayi wa aliyense ndiye kuti pali ana ena amene ankagawana mayi wawo ndi mudzi wonse. Nyumba ija sinkasowa mwana wachilendo, ana awo kugona pansi kusiyira bedi mtsikana wothawa nkhanza, usipa wogulira anthu asanu kudya anthu khumi. Bambo aja ankafika kuchokera kuntchito nkuyatsa mbaula okha, azibambo anzawo kumawaseka kuti anadyetsedwa khuzumule, iwo osayankha. Kwa ine utumiki umenewu unali wa banja lonse, ndipo banjalo tili nalo ngongole.

Ife a mphakati ndiye tinkatani? Maepiskopi a AMECEA, bungwe lawo la mayiko a kum'mawa kwa Africa, atagwirizana za miphakati, timagulu ta akhristu a dera limodzi, mu 1973, chaka chomwe Mangochi inakhala dayosizi, cholinga chinali choti mpingo uzikhala pakati pa anthu, akhristu oyandikana azidziwana mavuto. Lero tikakumana nkhani ndi zopereka, ndani sanamalize ya chitukuko, ndani aphike patsiku la woyera amene ndi nkhoswe yathu. Wina akanena kuti agogo akuti denga lawagwera, yankho linali limodzi, tiwauze amayi aja. Kolera ya 2022 ndi 2023 itavuta m'mbali mwa nyanja, ndi namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba mu Malichi 2023, anali atapuma kale pantchito, miyendo ikutupa, koma tinkawagogoderabe usiku.

Ndikudziwa ena muti imeneyo ndi ntchito ya boma, kapena ya mabungwe a mpingo, CADECOM ya zachitukuko ndi CCJP ya zachilungamo ndi mtendere. Eya, ali ndi mbali yawo. Koma taganizani kukula kwa Mangochi, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, kukwera ku Namwera, ndi ofesi iti ingadziwe kuti mwana wa kuseri kwa nyumba yanu wasiya sukulu Lolemba? Amene akudziwa ndi inuyo.

Kope limene ankalembamo mabanja owayendera lili ndi mwana wawo wamkulu, ndipo wavomera kutionetsa. Maganizo anga ndi oti banja lililonse mu mphakati litenge khomo limodzi, osati kukapereka ndalama zambiri ayi, kungokaona basi ndi kubwera kudzanena. Komanso ndalama za nsalu ya chikumbutso mwayamba kusonkha pa gulupu ya WhatsApp zija, bwanji zigulire yunifomu, makope ndi sopo atsikana amene anawasiya ali ku sekondale aja? Apampando, chonde iikeni pa ajenda Lachinayi, ndibwera.