Mizinga ya panjanji ija inali ndi mayina a anthu, tiyeni tiwatsate mpaka kumapeto

Mu Imperial War Museum, nyumba yosungira zinthu zakale za nkhondo kuno ku London, ndinaona chipolopolo china chake chimene ndikachikumbuka thupi limachita tsembwe. Anachiimika chilili, ine kuima pambali pake nkuona kuti chandipitirira msinkhu, kunenepa kwake masentimita 80, kuchikumbatira manja sangakumane olo pang'ono. Ndi cha mzinga wa ku Germany wotchedwa Schwerer Gustav, wolemera matani 1,350, umene unkayenda pa njanji ziwiri zogundizana ndipo umaponya chipolopolo cha matani 7 mtunda wa makilomita ambirimbiri. Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi dzinalo. Gustav ameneyu anali ndani?

Pali anthu ambiri pa intaneti amene amakonda kufufuza eni mayina a mizinga imeneyi, ndipo ine ndili mbali yawo. Dandaulo langa ndi loti ambiri akangopeza chithunzi cha bwanayo atavala yunifomu ndi mamendulo pachifuwa basi amathera pompo, ngati nkhani yatha.

Tengani Gustav yemweyo. Anali Gustav Krupp, mkulu wa kampani ya Krupp ya ku Essen imene inapanga mzingawo. Mu 1942, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, asilikali a Germany anautengera ku Crimea kukaphwanya mzinda wa Sevastopol, panafunika anthu masauzande kuyala njanji, kukumba ndi kuulondera, zonsezo kuti uwombere zipolopolo zosakwana 50. Nkhondo itatha Gustav anali pa mndandanda wa oyenera kuzengedwa mlandu ku Nuremberg, kumene ankazenga milandu ya akuluakulu a Germany, koma anapezeka kuti wadwalika moti sangaime mukhothi, anamwalira mu 1950. Mwana wake Alfried ndi amene anagamulidwa zaka 12 mu 1948 pa milandu kuphatikizapo yogwiritsa anthu ntchito ya ukapolo m'mafakitale, koma pofika 1951 anali atatuluka kale. Izi zikusowa bwanji pansi pa zithunzi zokongola zija?

Wina ndi Langer Max, kutanthauza kuti "Max wamtali", mzinga wa masentimita 38 wa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amati Max wake ndi Maximilian Rogge, mkulu woona za zida ku gulu la nkhondo la panyanja la Germany. Mukamutsata Rogge ameneyu mumakamupeza mu 1918 akuyang'anira asilikali a mzinga wina umene unkaponya mabomba mu Paris uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120. Pa 29 March chaka chimenecho, Lachisanu Loyera, bomba limodzi linagwera denga la tchalitchi cha Saint-Gervais anthu ali mkati mwa mapemphero, ndipo pafupifupi 90 anafera momwemo. Tangoganizani, munthu wavala bwinobwino wapita kukapemphera, amene wamuphayo ali kutali koti sakumuona nkomwe, akungowerenga manambala papepala. Ndiye wina azilemba kuti "Max wamtali" ngati akutchula mnzake wa pamudzi, ine zimandiwawa abale.

Palinso Karl, mzinga wonenepa wa masentimita 60 umene unkayenda wokha pang'onopang'ono koma maulendo ataliatali ankaunyamula pa njanji. Dzinalo ndi la Karl Becker, jenerale amene ankatsogolera ofesi ya zida za asilikali a Germany. Iyeyu anadzipha mu April 1940, mizinga ya dzina lake inayamba kugwira ntchito iye atapita kale, mpaka mu 1944 inakagumula nyumba mu Warsaw ku Poland anthu a mumzindawo ataukira.

Komanso tisamathamange kumata dzina lililonse pa munthu ayi. A Britain mizinga yawo ina anaitcha Boche Buster ndi Scene Shifter, amenewo ndi mayina odzitama chabe, palibe msilikali wa dzina limenelo. Ndipo anthu ambiri mpaka lero amatchula mzinga wa Paris uja kuti Big Bertha pomwe Bertha unali mzinga wina, waufupi, umene unaphwanya malinga a ku Liège ku Belgium mu 1914. Kusakaniza chonchi kumasokoneza amene akufuna kudziwa zoona.

Nde inu amene muli ndi luso lofufuzali, chonde pitirizani, ndimakuwerengani ndithu. Koma mukapeza bwanayo musaime pa tsiku lake lobadwa ndi maudindo ake, tiuzeninso kumene mzinga wakewo unaloza, mudzi uti, tsiku liti, anafa angati. Ku Saint-Gervais kuli malo okumbukira anthu a Lachisanu Loyera aja mkati mwa tchalitchi momwemo, ndipo ndikadzapeza mpata wopita ku Paris ndikayambira kumeneko.