Kanyumba ka Card ku Cardston Kafotokozedwe Mbiri Yake Yonse

Mumsewu waukulu wa tauni ya Cardston, kumwera kwa chigawo cha Alberta m'dziko la Canada, muli kanyumba ka zipika zosanjikizana kamene Charles Ora Card anamanga mu 1887. Lero kamasungidwa ngati malo a mbiri yakale, ndipo maganizo anga ndi akuti kanyumba kameneka kamanena zoona zambiri za chiyambi cha tauniyo kuposa kachisi wamkulu wa miyala yoyera amene anapatulidwa mu 1923 pamtunda wa tauni yomweyo. Kachisiyo akuonetsa anthu atakhazikika ndi kulemera, pamene kanyumbako kakuonetsa anthu amene anafika ali othawa.

Card anali mtsogoleri wa Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, umene ambiri amautcha wa a Mormon, ku Logan m'dera la Utah, ndipo ndiye anayang'anira ntchito yomanga kachisi wa kumeneko. Anali ndi mitala, monga momwe mpingo wake unkaphunzitsira pa nthawiyo, koma lamulo la Edmunds la 1882 linkalanga anthu amitala ku America. Atamangidwa mu 1886 anathawa m'manja mwa apolisi podumpha m'sitima yapamtunda. John Taylor, yemwe anali mkulu wa mpingo wonse ndipo anakhalapo ku Canada ali mnyamata, anamulangiza kuti akafune malo kumpoto m'dziko lolamulidwa ndi Britain. Card anasankha m'mbali mwa kamtsinje ka Lee Creek, ndipo mu June 1887 mabanja oyamba anafika pa ngolo, pamalo a zidikha zaudzu pamene mphepo yozizira imaomba popanda choitchinga.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi mkati mwa nyumbayo. Zina Young Card, mwana wa Brigham Young yemwe anali mkulu wa mpingo wonse John Taylor asanalowe m'malo mwake, ndiye mkazi amene anabwera naye ku Canada. Mayiyu anakuta makoma ndi denga ndi nsalu yofewa yathonje pofuna kubisa zipika ndi kutseka mipata yolowera mphepo, mpaka anthu anayamba kuitchula nyumbayo kuti Canton Flannel Palace, kutanthauza nyumba yachifumu ya nsalu yofewa yathonje. Dzinali linali lanthabwala, komabe m'zipinda zochepazo ndimo munkafikira alendo, akuluakulu a boma ndi mabanja ongofika kumene amene analibe pogona. Tauni inatenga dzina la mwamuna, koma ine ndikuona kuti ntchito yaikulu yogwirizanitsa anthuwo inachitikira pakhomo pa mkaziyo.

Sindikukana kuti anthuwa anali akhama. Anabwera ndi luso la ulimi wothirira limene anaphunzira m'chipululu cha Utah, ndipo mu 1898 mpingo unagwirizana ndi kampani ya banja la Galt zokumba ngalande yotenga madzi mumtsinje wa St. Mary. Kuchokera pa ntchito imeneyo panabadwa midzi ya Magrath ndi Stirling mu 1899, kenako Raymond mu 1901, kumene Jesse Knight, munthu wachuma wa mpingowo wa ku Utah, anamanga fakitale ya shuga.

Koma mbiri ikangoima pa khama lokha imakhala yopereŵera. Mu 1888 Card ndi akuluakulu awiri a mpingo, otchedwa atumwi, anapita ku Ottawa kukapempha nduna yaikulu, John A. Macdonald, kuti amuna aloledwe kubweretsa akazi awo onse, ndipo pempholo linakanidwa. Mu 1890 Canada inaletsa mitala m'malamulo ake, chaka chomwecho chimene Wilford Woodruff, mkulu wa mpingo wonse pa nthawiyo, analengeza kuti mpingo ukusiya mchitidwewo. Tanthauzo lake ndi lakuti panali akazi ndi ana amene anatsala ku Utah akudzisamalira okha pamene amuna awo ankatamandidwa kuti akutsegula dziko latsopano. Aliyense amene anakulira pafupi ndi banja lamitala akudziwa mmene nyumba yosiyidwa imavutikira.

Komanso dzikolo silinali lopanda eni. Malire a malo a mtundu wa Kainai, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a kuderalo, umene unasaina ndi boma pangano lokhudza malo lotchedwa Treaty 7 mu 1877 pansi pa mafumu monga Red Crow, amayambira m'mphepete mwenimweni mwa tauniyo. A Kainai akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti anapatsidwa malo ochepa poyerekeza ndi zimene panganolo linalonjeza, ndipo mu 2024 khoti lalikulu la Canada linagamula kuti boma linaphwanyadi lonjezolo, ngakhale linanenanso kuti nthawi yosumira inali itadutsa. Mlandu umenewo ndi wa boma, osati wa Card, komabe mlendo amene akuonetsedwa nsalu za Zina ayenera kuuzidwanso kuti anansi a kutsidya kwa msewu anali pamenepo kale ngolo zisanafike, ndiponso kuti nkhani ya malo awo inatha zaka zoposa 130 isanavomerezedwe ndi khoti lalikulu la dzikolo.