Aphunzitsi a ku yunivesite sakulakwa kukakamira ma adiresi akale a pa intaneti

Mu 2012 bungwe la ICANN, lomwe limayang'anira mayina a pa intaneti, linalandira zopempha 1,930 za anthu ofuna mathero atsopano a adiresi (mawu a kumapeto kwa adiresi, monga .com), ndipo oposa 1,200 anavomerezedwa. Ena mwa matherowa ndi .science, .university, .academy ndi .college, omwe pongowamva munthu angati anakonzedwera ochita kafukufuku. Komabe eni akewo adakali pa .edu, .ac.uk ndi ena otero. Ndamva anthu akunena kuti umenewu ndi ulesi, koma ine ndikuona kuti akuchita mwanzeru.

Adiresi ya wofufuza imamuchitira umboni asanalankhule. Dzina la .edu lilipo kuyambira 1985, ndipo chiyambire 2001 likuyendetsedwa ndi bungwe la Educause, lomwe limalipereka kwa sukulu zaukachenjede zovomerezeka za ku America zokha, pomwe .science angathe kuligula aliyense amene ali ndi ndalama. Mkonzi wa magazini ya kafukufuku akalandira imelo yochokera ku adiresi ya yunivesite amadziwa kuti pali sukulu imene ingayankhepo, koma ikachokera ku dzina lachilendo amayamba wakayika, makamaka masiku ano pamene magazini achinyengo, odyera ofufuza ndalama popanda kuunika ntchito yawo, achuluka.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi nthawi. Pepala lolembedwa lero lidzawerengedwa patapita zaka makumi atatu, ndipo wowerengayo adzafuna kutsatira adiresi iliyonse yotchulidwamo. Dzina logula wekha limafuna kulipiridwa nthawi ikakwana. Mwini wake akaiwala, akapuma pantchito kapena akamwalira, wina amaligula n'kuikapo zake, ndipo umboni wa kafukufuku uja umasowa. Mavuto ngati amenewa ndiwo anachititsa kuti ofalitsa ayambe kudalira nambala za DOI, zomwe ndi nambala zosasintha zopezera pepala lililonse pa intaneti, kuyambira 2000. Onjezaninso kuti mafomu ena a pa intaneti mpaka pano amakana imelo yokhala ndi mathero aatali.

Ena adzatchula CERN, bungwe la kafukufuku wa sayansi la ku Ulaya, kumene Tim Berners-Lee anayambitsa Web mu 1989, poti tsopano likugwiritsa ntchito adiresi ya home.cern. Zoonadi, koma .cern ndi yawoyawo, ndipo palibe wakunja angalembetsemo dzina. Kungopempha mathero otero kunkafuna madola 185,000 a ku America, ndalama zomwe dipatimenti wamba ingasankhe kulipirira ophunzira ake ndi zipangizo za mu labotale.